Kuyenda Varanasi ndi wotilondolera wolipidwa: zomwe ndingalipirenso ndi zomwe ndingakane

Amene muli ku Delhi ndipo mwapeza mpata wokaona Varanasi, mzinda wopatulika wa Ahindu m'mphepete mwa mtsinje wa Ganges ku India, lipirani munthu wokulondolerani, koma musavomere zonse zomwe akulembereni papepala. Ine ndi mphwanga tinalipira kamodzi pa nyumba yogona alendo yomwe tinafikira, ndipo ndalamayo inaphatikiza galimoto yotitenga pa siteshoni, bwato la m'mawa, bambo wotilondolera mumzinda ndi ku akachisi, bwato lina la madzulo, komanso ulendo wa ku Sarnath. Bwato la m'mawa ndi bamboyo ndingalipirenso mawa lomwe. Zinazo ndili nazo mawu.

Ku India ndinapita ngati gadiyani wa achemwali anga omwe anakachitidwa opaleshoni ya bondo. Atatuluka m'chipatala, adokotala anati tidikire kaye asanawaonenso, ndiye alamu anatsala nawo, ine n'kunyamuka ndi mphwangayo, mwana wawo yemwe akuphunzira komweko. Iyeyo ndi amene anakakamira. "Amalume, mukabwerera ku Zomba mutangoona makonde a chipatala, mukawauza chiyani anthu?" Tinakwera sitima ya Vande Bharat yomwe imanyamuka pa New Delhi 6 koloko m'mawa, kudutsa ku Kanpur ndi ku Prayagraj, n'kukafika cha m'ma 2 koloko masana. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 760. Munali mu Disembala, nyengo ya chisanu ndi chifunga kumeneko, choncho tengani juzi yeniyeni.

Dalaivala tinamupeza akudikira ndi pepala la dzina langa, lolembedwa molakwika koma lomveka. Anatitsitsa pa mphambano ya Godowlia chifukwa galimoto sizipitirira pamenepo kulowera kumtsinje, ndipo mnyamata wa kunyumba yogonayo anasenza chikwama changa n'kutsogola. Apa pokha ndinaona kuti ndalama yayamba kugwira ntchito. Tinjira ta mumzinda wakalewo ndi topanikiza moti mukatambasula manja mukhudza makoma onse awiri, koma m'menemo mukudutsa njinga zamoto zikuliza hutala, ng'ombe zagona pakati, ndowe pansi, amayi akugulitsa maluwa pakhomo. Mapu a pa foni ya mphwanga ankangozungulira. Tokha tikanagona panja.

Wotilondolera anabwera madzulo omwewo kudzatilonjera. Anali bambo wa zaka za m'ma 50, wobadwira mumzindamo, chiphaso chake chili pakhosi, Chingerezi chake chomveka ndi chosathamanga. Asanayambe za nthawi yonyamukira anandifunsa kuti ndimapemphera kuti, ndiponso ngati pali zomwe sindingafune kuchita m'kachisi. Ndinamuuza kuti ndine mkulu wa mpingo wa CCAP, ndabwera kudzaona ndi kudzamva, koma kupereka nsembe kapena kupakidwa zapachipumi ayi. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti zimenezo zikhala kwa iye. Ndipo zinakhaladi kwa iye: paliponse pomwe wina anatambasula chala chofiira kulunjika pachipumi panga, bamboyo ankayankhula mawu awiri atatu m'Chihindi, munthuyo n'kubwerera popanda kukhumudwa.

Tinatsikira kumtsinje kudakali mdima. Mzindawu uli kumadzulo kwa mtsinje wa Ganges, womwe eni ake amati Ganga, ndipo gombe lonse ndi masitepe amiyala otsikira kumadzi. Malo alionse a masitepe otere amatchedwa ghat, ndipo alipo oposa 80, aliwonse ndi dzina lake. Tsidya linalo ndi mchenga wopanda nyumba, ndiye dzuwa likamatuluka limawomba mzinda wonse kumaso. Pamalo amenewa mtsinje umakhota n'kulowera kumpoto, zomwe Ahindu amaziona kuti n'zopatulika.

Pali maboti a injini ndi mabwato opalasa ndi manja. Umirirani lopalasa. Wopalasa wathu anali mkulu woonda, atakulunga mutu ndi mpango, ndipo ankayendetsa bwato pafupi ndi gombe moti tinkamva madzi akugwa kuchokera m'manja mwa anthu osamba. Anthu ake ndi ochokera mbali zonse za India. Ndinaona gogo wina wamwamuna, nthiti zikuwerengeka, ali m'madzi ofika m'chiuno m'chisanu chimenecho, akutunga madzi ndi manja awiri, kuwakweza kuloza kum'mawa, n'kuwasiya atsike pang'onopang'ono. Pambali pake amayi atatu anagwirana manja n'kumira onse pamodzi ndi zovala zawo zomwe, kenako n'kuvuuka akuseka ndi kunjenjemera. Maboti a injini ankatidutsa chapakati pa mtsinje, odzaza anthu akuponyera chakudya mbalame zoyera zomwe zimabwera nyengo yozizira. Amenewo anamaliza msanga, koma sindikudziwa kuti anaona chiyani.

Bamboyo sankalongolola. Ankaloza nyumba n'kunena mwini wake: zambiri mwa nyumba zikuluzikulu za m'mphepetemo zinamangidwa ndi mafumu a madera ena a India, makamaka m'zaka za m'ma 1700, kuti akhale ndi pofikira akabwera kudzapemphera. Pa Man Mandir Ghat anationetsa denga pomwe pali zipangizo zamiyala zoyezera dzuwa ndi nyenyezi zomwe anamangitsa Jai Singh II wa ku Jaipur. Chapatsogolo pali kachisi wa Ratneshwar Mahadev, wopendekeka ndithu, yemwe chigawo chake chapansi chimakhala m'madzi miyezi yambiri pachaka. Nditamufunsa za ukhondo wa madziwo sanazembe. Anati zonyansa za m'mizinda ya kumtunda ndi za mumzinda momwemo zimathira mumtsinje, boma linakhazikitsa ntchito ya Namami Gange mu 2014 kuti liuyeretse, pena pasintha pena ayi, koma iye amasambamo m'mawa uliwonse ndipo adzasambamo mpaka imfa. Ine ndinangoviika chala.

Pomwe bamboyo anandigwira mtima kwenikweni ndi pa Manikarnika Ghat, malo aakulu owotchera mitembo. Enanso ang'onopo ali pa Harishchandra Ghat. Tisanayandikire anatiuza kuti tibise mafoni, chifukwa kujambula pamenepo n'kusalemekeza anamfedwa. Moto umayaka usana ndi usiku. Ahindu amakhulupirira kuti munthu amabadwa, kufa, n'kubadwanso mobwerezabwereza, koma womwalirira mumzinda umenewu, womwe dzina lake lakale ndi Kashi, amamasulidwa ku kuzungulira kumeneko. N'chifukwa chake okalamba ena amasamukira kuno kudzadikira tsiku lawo, ndipo mitembo ina imachokera kutali pa galimoto.

Tinatsika m'bwato n'kukaima chapamwamba, pomwe bamboyo anati sitisokoneza aliyense. Mtembo umabwera pa chithatha cha nsungwi, wokutidwa ndi nsalu zonyezimira ndi maluwa achikasu, onyamula akuyenda mwandawala uku akubwereza mawu akuti "Ram naam satya hai", kutanthauza kuti dzina la mulungu Ram ndi choonadi. Amatsika nawo mpaka kumadzi, kuuviika, n'kuugoneka pa masitepe kuti uume. Nthawi imeneyo ena a pabanja ali kwa ogulitsa nkhuni, zomwe zaunjikidwa milumilu kufika padenga, ndipo zimayezedwa pa sikelo yaikulu yachitsulo. Amene akutsogolera mwambo, kawirikawiri mwana wamwamuna wamkulu, amametedwa mpala pomwepo n'kuvala nsalu yoyera yosasoka. Moto sayatsa ndi machesi. Amakaupala ndi udzu wouma pa moto womwe amasunga anthu a mtundu wa Dom, ndipo amati moto umenewo sunazimepo. Amazungulira mulu wa nkhuniwo n'kuyatsa. Pakatha maola atatu kapena kuposerapo, amaponya mphika wadothi wa madzi chakumbuyo kudzera paphewa n'kuchoka osacheuka.

Chomwe chinandizunguza ndi kusowa kwa kulira. Kwathu maliro amamveka patali: amayi ali m'nyumba ya siwa, kwaya ili panja, abambo pa moto usiku wonse, adzukulu kumanda akudikira nsima yawo. Pano ndinaona amuna okhaokha pafupifupi, ali chiimire, ena akumwa tiyi, mbuzi ikudya maluwa omwe agwa pa chithatha. Bamboyo anati kulira kumachitikira kunyumba, pano misozi imabweza mzimu womwe ukuyenera kupita. Za a Dom anafotokoza mosabisa: ndi anthu omwe amaonedwa ngati apansi m'kasanjidwe ka mitundu ya Ahindu, ambiri safuna n'kudya nawo komwe, koma wolemera ndi wosauka yemwe sangawotche m'bale wake popanda moto wawo. Anawonjezera kuti mwamwambo ana aang'ono, amayi oyembekezera, anthu odzipereka ku moyo wopemphera ndi olumidwa ndi njoka sawotchedwa.

Tili chiimire pomwepo kunabwera mnyamata wovala bwino, Chingerezi chakuthwa, kunena kuti amathandiza pa nyumba ya okalamba osauka omwe akudikira imfa, ndipo tingachite bwino kupereka ya nkhuni zawo. Ankatchula mtengo wa kilogalamu imodzi n'kufunsa kuti tigula makilogalamu angati. Wotilondolera anamuyang'ana n'kuyankhula naye mwachidule, mnyamatayo n'kutembenuka. Kenako anatiuza kuti imeneyo ndi njira yodziwika yodyera alendo pamalopo. Mtima uli wofewa chifukwa cha zomwe ukuona, ndani angakane? Tikanakhala tokha ndikanatulutsa chikwama.

Titadya kachori, tizitumbuwa tamafuta tokhala ndi nyemba mkati todyera ndiwo za mbatata zotsabola, ndi tiyi wamkaka wa m'kakapu kadothi komwe umataya ukamaliza, tinalunjika ku kachisi wamkulu wa Kashi Vishwanath. Ndi kachisi wa Shiva, mmodzi mwa malo 12 omwe Ahindu amawayesa opatulika koposa a mulungu ameneyu. Mbiri yake ndi yowawa. Kachisi wakale anagwetsedwa mu 1669 molamulidwa ndi mfumu Aurangzeb, ndipo pamalopo panamangidwa mzikiti wa Gyanvapi womwe ulipo mpaka lero, khoma ndi khoma ndi kachisiyo, kuseri kwa mpanda wachitsulo ndi apolisi amfuti. Kachisi yemwe alipo tsopano anamangidwa mu 1780 ndi mfumukazi Ahilyabai Holkar wa ku Indore, ndipo golide wa padenga anapereka ndi Ranjit Singh, mfumu ya Asikh ya ku Punjab, m'zaka za m'ma 1830. Nkhani ya malo a mzikitiwo ili m'makhoti. Bamboyo anaifotokoza motsitsa mawu, zaka ndi mayina basi, ndipo mphwanga atamufunsa maganizo ake anangoti ali ndi anzake mbali zonse ziwiri.

Mu Disembala 2021 nduna yaikulu Narendra Modi, yemwe ndi phungu wa Varanasi kuyambira 2014, anatsegulira bwalo lalikulu lolumikiza kachisiyu ndi mtsinje. Kuti limangidwe panagumulidwa nyumba mazana angapo za mumzinda wakale. Pa ichi bamboyo anali ndi mitima iwiri ndipo sanabise: okalamba tsopano amafika mosavuta, anatero, koma kanjira komwe iye ankadutsa ali mwana ndi agogo ake kulibenso.

Kulowa kwake n'komwe kumafuna munthu wodziwa. Foni, chikwama, lamba wachikopa, zonse zimatsala m'timakabati tokhoma, nsapato nazonso. Mlendo wakunja amayenera kuonetsa pasipoti kuti alembedwe, ndiye musaisiye kogona. Bamboyo ankadziwa khomo lolowera, tebulo lolembetsera, ndi mzere woti tiime. Pali tikiti yolipira yomwe imafupikitsa kudikira, ndipo anatiuziratu kuti ndi yapadera, siili mu ndalama yomwe tinapereka kale. Tinaigula. Ngakhale zinali choncho tinaima ndithu, mapazi ali pa mwala wozizira, pakati pa anthu onyamula timiphika ta mkaka, madzi a mumtsinje ndi masamba, akufuula mawu otamanda Shiva akuti "Har Har Mahadev" mpaka m'makutu kulira. Kutsogolo kwanga kunali mayi wokalamba wamfupi, atagwira malaya a mdzukulu wake kuti asatayane. Titafika pa khomo la chipinda chopatulika, chomwe ndinaona ndi mwala wakuda wosalala uli pansi m'kabwalo ka siliva, wokwiririka ndi maluwa ndi mkaka. Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe, wachitetezo anali atatikankha kale kuti tipite. Mayi uja anatuluka misozi ili mbwembwembwe, akumwetulira. Kwa ine yemwe si Mhindu, chooneka kwambiri chinali nkhope za anthu pamzerepo kusiyana ndi za m'chipindamo.

Tsopano zodandaula. Titatuluka, bamboyo anatilowetsa m'kakachisi kena kakang'ono m'kanjira, komwe wansembe wake anali mnzake zoonekeratu. Ine sanandikhudze, monga tinapanganira, koma mphwanga anamangidwa kaulusi kofiira pamkono asanavomere, kenako kunabwera kope la mayina a alendo ena ndi ndalama zikuluzikulu zomwe akuti anapereka. Munthu yemwe anathamangitsa wa nkhuni uja m'mawa, apa anangoyang'ana kudenga. Mphwanga anapereka kochepa n'kutuluka.

Chachikulu chinali sitolo ya nsalu. Varanasi ndi yotchuka ndi nsalu za silika zolukidwa ndi ulusi wagolide, zomwe akwati ambiri ku India amavala paukwati, ndipo oluka ake ambiri ndi Asilamu omwe anatengera ntchitoyi kwa makolo awo. Papepala lathu panalembedwa kuti tikaona oluka. Tinawaonadi, bambo mmodzi pa makina ake amatabwa m'kachipinda kamdima, kwa mphindi zosakwana zisanu. Kenako tinakwezedwa m'chipinda chapamwamba chokhala ndi matiresi oyera pansi, tiyi n'kubwera, nsalu n'kuyamba kutambasulidwa pamiyendo pathu, ina pamwamba pa inzake, mpaka mawondo osaoneka. Ndinanena kuti sindigula, ndabwera ndi wodwala ndipo ndalama ndi ya mankhwala. Anati kuona n'kwaulere, n'kutambasula zina. Ola lathunthu linathera pamenepo. Titatuluka chimanjamanja, nkhope ya wotilondolera inagwa, ndipo kwa kanthawi mayankho ake anali a mawu amodziamodzi. Zikuoneka kuti amalandira kenakake pa chilichonse chomwe mlendo wagula. Sindimuda nazo, munthu ali ndi ana, koma ola limenelo ndinali nditalipira ine, ndipo chifukwa cha ilo sitinafike ku Bharat Mata, kachisi yemwe m'malo mwa fano muli mapu a India osemedwa pa mwala wa mabo, yemwe Mahatma Gandhi anatsegulira mu 1936. Ku Banaras Hindu University, sukulu yomwe inakhazikitsidwa mu 1916 ndipo mphwanga ankafunitsitsa kuiona, tinangodutsa pa geti.

Ku Sankat Mochan, kachisi wa Hanuman, mulungu wa Ahindu wooneka ngati pusi, tinafikako. Kumadzaza kwambiri Lachiwiri ndi Loweruka, ndipo apusi ake ndi akuba odziwa ntchito. Gwirani magalasi anu.

Bwato la madzulo musalipire. Tsiku lililonse dzuwa likalowa, pa Dashashwamedh Ghat pamachitika mwambo wa Ganga Aarti: ansembe achinyamata ovala zofanana amaima aliyense pa kansanja kake, kuliza zigoba za nkhono, kufukiza lubani, n'kumazunguza nyale zamkuwa za malawi ambirimbiri mogwirizana, mabelu akulira osaleka, kwa mphindi pafupifupi 45. Amakuuzani kuti pamadzi ndiye poonekera bwino. Zoona zake n'zakuti mabwato amadzadza n'kumangirirana mpaka mtsinje kusanduka bwalo lamatabwa, anyamata ogulitsa tiyi akulumpha kuchoka bwato lina kupita lina, ndipo lathu linali kumbuyo kwenikweni, kutsogolo kwathu kuli boti lalitali la anthu oimirira ndi mafoni m'mwamba. Ndinaona misana. Mawa lake tinapita tokha wapansi, tinafika kudakali kowala, n'kukhala pa masitepe pakati pa mabanja. Sitinalipire kanthu, kutentha kwa nyale kunkatifika kumaso, ndipo ndinatha kuona thukuta pa mkono wa wansembe yemwe ananyamula nyale yolemerayo ndi dzanja limodzi.

Pamasitepe pomwepo ndi pomwe tinakumana ndi zomwe munthu wakuda aliyense akumane nazo: kuyang'anitsitsidwa, ndi kupemphedwa kujambulitsa. Ambiri ndi anthu a kumidzi omwe sanaonepo munthu wa ku Africa maso ndi maso, ndipo sindinaone chipongwe mwa iwo, koma zimatopetsa. Tikakhala ndi bambo uja zinkachepa chifukwa ankawayankha yekha. Ankawauza kuti ndife a ku Malawi, iwo n'kumva Mali kapena Maldives.

Sarnath ili pa makilomita pafupifupi 10 kuchokera mumzinda, ndipo ndi komwe Buddha, yemwe anayambitsa chipembedzo cha Chibuda, analalikira koyamba. Ndi malo abata, a udzu wotchetcha bwino ndi chipilala chachikulu cha njerwa ndi miyala chotchedwa Dhamek. M'nyumba yosungira zakale muli mutu wa chipilala cha mfumu Ashoka wa mikango inayi yopatsana misana, womwe ndi chizindikiro cha dziko la India ndipo mumauona pa ndalama iliyonse ya rupee. Nyumbayo imatsekedwa Lachisanu. Kumeneko wokulondolerani safunika, zonse zinalembedwa pa zikwangwani, ndipo kagalimoto ka matayala atatu kakufikitsani pa mtengo wochepa kuposa womwe anatiwerengera.

Nditabwerera kogona ndinamuuza mwini nyumbayo za sitolo ija. Anapepesa ndi pakamwa, ndalama sanabweze, koma anati ndikananeneratu akanaichotsa pa ndondomeko. Choncho neneranitu, ndipo zilembedwe pa uthenga wa WhatsApp musanapereke kalikonse: bwato lopalasa m'mawa, wokulondolerani kuyambira kumtsinje mpaka kutuluka m'kachisi wamkulu, sitolo ayi. Funsaninso za mwezi womwe mukupita, chifukwa nthawi ya mvula, kuyambira Julaye mpaka Seputembala, mtsinje umadzadza n'kumiza masitepe ndipo mabwato amaletsedwa kuyenda madzi akakwera.

Wopalasa uja ndinamufunsa kudzera mwa mphwanga, yemwe amathyola Chihindi pang'ono, kuti pa ndalama yomwe tinalipira iye amalandirapo zingati. Anatchula kachigawo kochepa moti ndinachita kufunsanso. Ngati mukufuna kumuthokoza, mupatseni m'manja mwake muli m'bwato, musanafike pagombe pomwe pali mwini bwato.